Mpope Umene Bartol Anapempha

Mlamu wanga Bartol Majnarić anakhala mlonda wa nyama m'nkhalango ya kwathu ku Brestov Dol kwa zaka 36, ndipo pa zakazo, 22 anayenda ndi mfuti imodzi. Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosathamangira kuyankha. Ukamufunsa chinthu m'mawa, yankho limatha kukupeza masana uli pa zina. Anakwatira mchemwali wanga Milka, amene amayankhula zokwanira anthu awiri, choncho panyumba pawo mawu sankasowa.

Ntchito yake sinali yosaka ayi, ngakhale alendo ankaganiza choncho. Ankawerenga mbawala, kuziikira mchere ndi udzu wouma nyengo yozizira, kutsata mapazi a zimbalangondo zikayandikira makola a nkhosa, ndi kuthamangitsa otchera misampha. Kuwombera kunkabwera pamene nyama yagundidwa ndi galimoto, kapena mlenje wa m'tauni wailasa molakwika n'kuisiya ikuvutika. Pamenepo ankaitanidwa Bartol kuti akamalize. Ankanena kuti ntchito yake yeniyeni ndi imeneyo: kuti nyama isafe kawiri.

Ine ndine Vinko. Ndinali mphunzitsi, komanso mlembi wa bungwe lathu la alenje, chifukwa pamudzi ponse ndine ndinkatha kulemba kalata yopita ku boma popanda kutukwanamo.

Mfuti ija anamupangira ndi Ignac Pleše. Awiriwa anakhala pa benchi imodzi kusukulu, ndipo pa ukwati wa Bartol ndi Milka mboni anali Ignac. Kwathu munthu wotero timamutcha kum, ndipo ubale wake umalemera kuposa wa msuweni. Ignac anali wosiyana ndi Bartol pa chilichonse: wamtali, wolongolola, manja ake osakhazikika. Anakagwira ntchito zaka zisanu kwa osula mfuti ku Austria, n'kubwerako ndi makina akale osemera zitsulo amene anawaika m'khola la ng'ombe la bambo ake. Mmenemo ndi mmene anatulukira nzeru imene inadzamulemeretsa: mfuti yoti mpope wake, paipi yodutsamo chipolopolo ija, munthu atha kuumasula ndi mabawuti awiri okha n'kuikapo wina, popanda kupita kwa mmisiri.

Tsiku limene anamaliza yoyamba ndinalipo. Anaiika patebulo pakati pa buledi ndi botolo la rakiya, kachasu wa kwathu, n'kumuuza Bartol kuti ayese. Bartol anatulutsa sipanala yake m'thumba, koma inakana kugwira mabawuti aja.

"Siyako imeneyo," anatero Ignac, akumupatsa kachitsulo kopindika modabwitsa. "Nayi kiyi yake. Ndipo mazinga a mpopewu ndi angaanga. Palibe mpope wa munthu wina aliyense padziko lino umene ungalowe pamenepa."

"Chifukwa?"

"Kuti akuba nzeru asowe pogwira."

Bartol anatembenuza kiyi ija m'manja kwa nthawi. "Nanga iwe ukafa, ine ndizikapita kwa ndani?"

"Iwe ndi mafuta ankhumba umadyawo ufa ine ndisanayambe n'komwe imvi. Ukadzafuna mpope wina, kum, ungobwera. Wautali, waufupi, wokhota ngati ukufuna kuwombera kuseri kwa mtengo."

Bartol anasankha waufupi. Nthawi imeneyo nkhalango yathu inali yothithikana moti munthu sunkaona kupitirira mapazi makumi asanu, ndipo mpope wautali ukanangokodwa m'nthambi. Pambali pa mfutiyo Ignac anadindapo nambala: 001.

Zaka zinayi zoyamba mfutiyo inali yovuta ngati mwana wodwaladwala. Chisanu chikafika mabawuti ankauma. Mvula ikagwa thabwa linkafufuma n'kukankha mpope, chipolopolo n'kumapita kumbali. Bartol ankalemba zonse m'kabuku ndi pensulo, tsiku ndi nyengo yake, ndipo Lamlungu lililonse akatuluka m'tchalitchi ankapita kukhola kuja. Ignac ankasema, kusintha, kutukwana, n'kumubwezera kuti akayesenso. Bartol ndiye ananena kuti mabawuti asamachoke kotheratu koma azitsalira pamfuti, chifukwa munthu wa zala zozizira akagwetsa bawuti m'chipale sadzaipezanso mpaka chisanu chitatha. Lero mfuti zonse za Pleše zili choncho.

Chaka chachitatu, mfutiyo inamuphulikira. Chitsulo chotsekera kumbuyo chinali chisanalimbitsidwe bwino, moto unabwerera n'kumuwotcha tsaya, ndipo khutu lakumanzere linagontha mpaka lero. Apolisi atabwera kuchipatala ku Delnice kudzafunsa, Ignac anali ataima pakhonde nkhope ili mbuu, chifukwa ankadziwa kuti akhoza kumulanda chiphaso chake chosulira mfuti. Bartol anawauza apolisi kuti kulakwa kunali kwake, kuti anathira yekha wonga wambiri m'chipolopolo. Anamulembera chenjezo kuntchito, ndipo kwa zaka zingapo anzake ankamuseka kuti ndi mlonda wosatha kuyeza wonga.

Milka sanavomere zimenezi. "Wapereka khutu, waperekanso mbiri," anamuuza. "Mawa akapempha mwendo umupatse wakumanja, wakumanzere uli ndi nyamakazi."

"Akanamutsekera, Milka."

"Nanga iwe amene wakutsegulira khutulo ndani?"

Pambuyo pake mfutiyo inakhala bwino, ndipo inakhala bwino kwambiri. Alenje a ku Italy ndi ku Germany amene Bartol ankawaperekeza ankaiona n'kufunsa kumene anaipeza. Maoda anayamba kubwera. Khola linachepa, Ignac anasamukira kufupi ndi Zagreb, likulu la dziko lathu, anamanga fakitale, analemba anthu makumi anayi. Poyamba ankabwera mwezi ndi mwezi, kenako pa Khirisimasi pokha, kenako kunkangobwera kalendala ya fakitale yokhala ndi zithunzi za mbawala. Bartol sankadandaula. Ankaikhoma m'khitchini n'kumauza aliyense wolowa kuti, "Ameneyu ndi kum wanga."

Ndiye kunabwera February uja amene tonse timamukumbukira. Mvula inagwa masiku atatu n'kumaundana pamitengo, mpaka nthambi iliyonse inasenza ayezi wolemera kuposa iyo mwini. Nkhalango inkathyoka ngati kukuchitika nkhondo. Imene inatsala inadyedwa ndi akafumbwe m'zaka ziwiri zotsatira, ndipo a zankhalango anadula zonse kuti matenda asafalikire. Mapiri amene Bartol ankawadziwa mtengo ndi mtengo anasanduka zitsa zokhazokha. Munthu unkaima pamwamba pa mudzi n'kuona mpaka tsidya lina la chigwa.

Nyama nazo zinkakuona uli kutali. Panalibenso poti n'kubisala kuti uyandikire. Mpope waufupi umatulutsa chipolopolo chisanatenge liwiro lonse, ndipo chikapitirira mamita mazana awiri chimayamba kugwa msanga, mphepo n'kumachikankha. Bartol ankadziwa zimenezi, koma ankaganiza kuti diso lake lizikonza.

M'mwezi wa March, chaka chachitatu chichitikire za ayezi, woyendetsa lole yamatabwa anamuuza kuti wagunda mbawala yamphongo ndipo yathawa ndi mwendo wothyoka. Bartol anaipeza masana itaima tsidya lina la chigwa, mamita pafupifupi mazana atatu. Anayesa kuzungulira, koma iyo inkamuona n'kumasunthira kutali. Anagona pachitsa n'kuwombera. Chipolopolo chinatsika n'kulowa m'mimba. Anaitsata masiku awiri, magazi ndi ndowe zili m'chipale, asanaipeze m'kamtsinje ikadali ndi moyo.

Atabwera kunyumba sanadye. Anakhala pakhomo akupukuta mfuti yopukutapukuta kale.

"Alamu," anandiuza nditapita kukamuona, "ndikufuna mpope wautali."

Tinayamba ndi mmisiri wa ku Delnice, bambo wachikulire wosamala ntchito. Anayeza mazinga aja kawiri, anatsegula mabuku ake, kenako anavula magalasi.

"Izi sizili m'buku lililonse," anatero. "Ndikati ndiyerekeze n'kulakwitsa pang'ono pokha, mudzataya khutu linalo, mwina ndi mutu womwe. Pitani kwa amene anazipanga."

Bartol anaseka, zimene sankachita kawirikawiri. "Ameneyo ndiye savuta."

Ndinamutenga pa galimoto yanga kumayambiriro kwa April. Milka anakulunga soseji ziwiri zofutsa yekha ndi botolo la uchi, uku akunena kuti munthu wolemera sadziwanso kukoma kwa zinthu zotere. Ignac anatilandira pakhomo la fakitale manja ali tambalale. Anali atanenepa, tsitsi lonse loyera. Anamukumbatira Bartol mpaka kumunyamula.

"Kum, ukadali wamfupi? Ndimayesa pofika pano wakula."

"Iwe ndiye wakula cham'mbali."

Anatizungulitsa m'fakitale, makina oyera ngati a m'chipatala, anyamata ndi atsikana atavala malaya ofanana. Mu ofesi mwake Bartol anatsegula chikwama. Ignac atangoona mfuti ija anaitenga m'manja. Thabwa lake linali litada ndi thukuta la zaka 22, pamalo pogunda tsaya pali posalala ngati mwala wa mumtsinje, chitsulo chitayera m'malo mogwira manja. Anasisita nambala ija ndi chala, kenako anaitana mkamwini wake Dalibor, amene tsopano ndiye ankayendetsa zamalonda.

"Taona iyi," anamuuza. "Ija ndimakuuza ija."

Dalibor anaijambula ndi foni mbali zonse. Ine ndinaona ngati ndi ulemu.

Bartol anafotokoza za zitsa, za mbawala ija, za mpope umene ankafuna. Dalibor ananena mwaulemu kuti mazinga akale aja anasiya kuwapanga kalekale, anawasintha katatu, ndipo mipope ya masiku ano singalowe pa mfuti imeneyo. Chanzeru, iye anati, n'kutenga yatsopano.

"Sindikufuna yatsopano, mwanawe. Iyi imandidziwa."

Ignac anamenya tebulo ndi chikhatho. "Basi. Kum wanga wanena. Ndisema ndekha, ndi manja angawa, ngati kale. Isiye pano, pakatha milungu itatu ndikuimbira."

Mfuti siisiyidwa pamalo popanda pepala. Dalibor anapita kukakonza, ndipo pa nthawi yomweyo mlonda wa pageti analowa kudzanena kuti galimoto yanga yatsekereza lole. Ndinatuluka. Magalasi owerengera a Bartol anali m'galimoto yomweyo, pampando. Ndinawaona, ndinaganiza zowatenga, koma ndinati tikunyamuka posachedwa. Pobwerera ndinapeza Bartol atasaina kale mapepala atatu, Ignac akuthira rakiya m'matambula. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuwerengera anthu mapepala, ndipo tsiku limodzi limene zinali zofunika ndinali panja kukangana ndi woyendetsa lole.

Ignac anatidyetsa nyama ya nkhosa yowotcha kulesitilanti. Pobwerera Bartol anaimba nyimbo m'galimoto, mosalongosoka monga amaimbira ogontha.

Milungu itatu inatha. Bartol anaimba foni. Ignac anati chitsulo chabwino chachedwa kufika. M'mwezi wa June anati makina akale aja akufuna kukonzedwa. M'mwezi wa July anali kunja kwa dziko. Bartol ankagwira ntchito ndi mfuti yobwereka ku bungwe, yogwedera, imene ankaitcha ndodo. Tsiku lililonse akabwera ankafunsa Milka ngati kunali foni.

"Kunali," Milka anamuyankha tsiku lina. "Anaimba a magetsi. Akuti nawonso amakukonda."

Kumayambiriro kwa September, mbawala zitatsala pang'ono kuyamba kulira monga zimachitira nyengo yokwerana, mmisiri wa ku Delnice uja anaimba kuti kwafika bokosi la Bartol. Tinathamangira komweko. M'bokosimo munali mfuti yatsopano, thabwa lonyezimira, mpope wautali, masamba ozokotedwa pachitsulo, ndi kakalata kolembedwa pa makina: mphatso yochokera ku banja la Pleše kwa bwenzi lakalekale.

Bartol anasuzumira m'bokosi, anakweza nsalu ya pansi, ngati kuti ina ija ingabisale mmenemo.

"Yanga ili kuti?"

Mmisiri uja anati iye walandira zokhazo. Bartol anaimba foni kwa Ignac ataima pomwepo, koma sinayankhidwe. Tinawoloka msewu kupita kupolisi, ku ofesi ya ziphaso, kumene mayi wina amene ndinamuphunzitsa ali mwana anatsegula pa kompyuta n'kutembenuza kuti tione. Mfuti nambala 001 inachotsedwa pa dzina la Bartol Majnarić pa 6 April. Mwini wake anaipereka mwa kufuna kwake kwa fakitale ya Pleše. Anatisindikizira pepalalo. Siginecha inali yake, zilembo zazikulu zopendekeka za munthu amene sakuona mzere.

"Alakwitsa," anatero Bartol tili panja. "Ndi mnyamata uja wasokoneza mapepala. Ignac sakudziwa."

Sindinamutsutse. Nanenso ndinkafuna zikhale choncho.

Mu October kunali chionetsero cha alenje ku Zagreb, ndipo ndinadziwa kuti Ignac sangajombe. Tinafika cha m'ma 10 koloko m'mawa. Malo a fakitale ya Pleše anali aakulu kuposa onse, atakongoletsedwa ndi nthambi za paini ndi nyanga. Pakati penipeni panali bokosi lagalasi lokhala ndi nyale mkati, anthu atalizungulira. Bartol, pokhala wamfupi, anachita kudzipanikiza kuti afike kutsogolo.

Inali itagona pansalu yobiriwira, kiyi yopindika ija ili pambali pake, ndi kabuku ka pensulo kaja, kamene kankakhala m'thumba la chikwama, katatsegulidwa pa tsamba lina. Nthawi ino magalasi anali nawo, koma anandiuza kuti, "Tawerengani inu, alamu."

Chikwangwanicho chinkati iyi ndi mfuti yoyamba ya Ignac Pleše, imene iye mwini anaisula m'khola la bambo ake n'kuyenda nayo zaka zoposa makumi awiri m'mapiri a kwawo, m'chipale ndi m'mvula, akulemba chilichonse m'kabuku aka mpaka itakhala yangwiro.

"Werenganinso."

Ndinawerenganso.

"Dzina langa lilipo?"

"Palibe."

Ignac anationa ali kutali. Anasiya mlendo amene ankayankhula naye n'kubwera, akumwetulira ndi pakamwa pokha.

"Kum. Bwanji osandiuza kuti ukubwera? Mphatso ija inafika?"

"Tsegula."

"Tiye tikakhale kumbuyoku, timwe khofi, ndikufotokozere bwinobwino."

"Tsegula, Ignac. Ndingoigwira."

Ignac anakodola Dalibor, amene anabwera ndi kiyi ya bokosi nkhope ili yolimba. Bartol ananyamula mfuti yake, anaiika paphewa, ndipo tsaya lake linapeza malo ake osalala aja. Kenako anakoka chotsekera, monga amachitira munthu aliyense akagwira mfuti. Sichinasunthe. Anaitembenuza. Pansi pa mpope panali mabowo atatu obooledwa ndi makina. Anaikwezera kunyale n'kusuzumira kukamwa kwake, ndipo sikunatuluke kuwala kulikonse. Anali ataiwotcherera mkati monse. Mabawuti awiri aja nawonso anali atawotchereredwa.

"Ndi lamulo," anatero Dalibor. "Mfuti yoonetsa pagulu chonchi iyenera kukhala yosawombera."

Bartol sanamuyang'ane. Anatembenuzira khutu lake labwino kwa Ignac.

"Unati usema wekha."

Ignac anayang'ana anthu amene anali atayamba kumvetsera, n'kutsitsa mawu. "Mapulani a mazinga aja anatayika posamuka. Makina akale ndinagulitsa zaka khumi zapitazo. Ndipo taona." Anatambasula manja. Ankanjenjemera ngati masamba. "Ndi zaka zitatu tsopano. Sinditha n'kumanga batani la malaya. Ndingaseme chiyani ine?"

"Ndiye tsiku lija unadziwa."

"Kum, yatsopano ija ndi yabwino kuposa iyi kakhumi. Ifika mamita mazana anayi osavuta. Iyi inali itatha, iwe wekha ukudziwa. Pano anthu aziiona zaka zambiri ife titapita."

"Ndafunsa ngati unadziwa."

"Ndinadziwa."

"Pamene unkathira rakiya paja."

"Ukanakana. Ndikanakupempha, ukanakana."

Bartol anaganiza, monga mwa chizolowezi chake, kwa nthawi yaitali moti Dalibor anayamba kusuntha mapazi.

"Sindikudziwa," anatero pomaliza. "Mwina ndikanakupatsa. Ndinakupatsapo zina."

Anaibwezera mfuti ija pansalu, mosamala, mpope utaloza kumene kunalibe anthu. Kenako anatenga kabuku kake n'kukaika m'thumba la jekete. Dalibor anayamba kunena kuti kabukuko nakonso kali pa mndandanda wa zimene zinasainidwa, koma Ignac anamugwira mkono.

Tinali panjira yobwerera, titadutsa Karlovac. Ine ndinali nditakwiya kuposa Bartol, kapena ndinkaoneka choncho. Ndinati tipite kukhoti. Ndinati tilembe ku nyuzipepala ya alenje, tinene za khutu, za wonga, za amene analemba m'kabuku. Zolemba za Bartol aliyense kwathu amazidziwa.

"Ndinasaina ndekha," anatero.

"Munasaina musakuona."

"Ndinkaona. Ndinkaona Ignac." Anayang'ana kunja. "Ndipo ndikanena za wonga, ndiye kuti ndinanamiza apolisi. Mukufuna ndikapume ntchito ndili wabodza?"

Milka atamva anachotsa kalendala kukhitchini n'kuiponya m'mbaula. Kenako anakatenga zakale zonse zimene Bartol ankasunga pamwamba pa kabati, khumi ndi zinayi, n'kumaziponya imodziimodzi. Sananene kuti ndinakuuza. Zimenezo zinandiopsa kuposa akanatukwana.

Mfuti yatsopano ija Bartol sanakaitenge. Inakhala kwa mmisiri ku Delnice miyezi isanu, mmisiriyo akuimba mwezi ndi mwezi, mpaka anaibweza kumene inachokera. Anzathu ena a m'bungwe anati ndi kupusa, mfuti ngati imeneyo munthu saikana chifukwa cha mkwiyo. Bartol anapita kwa mayi wina wamasiye wa m'mudzi woyandikana nawo n'kugula mfuti ya malemu amuna awo, ya mtundu wakale wa asilikali, imene ilipo miyandamiyanda ndipo mazinga ake ali m'buku la mmisiri aliyense. Mmisiri wa ku Delnice anaiika mpope wautali tsiku limodzi lokha, Bartol atakhala pampando akuonerera, osachoka ngakhale kukadya.

Inkawombera bwino. Pa zaka ziwiri zimene anagwirabe ntchito sanalasenso nyama molakwika. Koma sankaipukuta pakhomo monga ankachitira ndi ija. Akabwera ankangoitsekera m'kabati yachitsulo. Anasiyanso kuperekeza alenje akunja, chifukwa theka la iwo ankabwera ndi mfuti za Pleše, ndipo ena ankamufotokozera, iye amene, nkhani ya mmisiri amene anayenda zaka makumi awiri m'mapiri omwewa. Mmodzi anamufunsa ngati anakumanapo naye m'nkhalango. Bartol anati ayi, sanakumanepo naye m'nkhalango, ndipo chimenecho chinali choona.

Ignac analemba makalata awiri. Milka akuti Bartol anawawerenga onse, kenako anawapinda n'kutsekera mpata wa zenera la m'chipinda chosungira mbatata.

Awiriwa anaonananso kamodzi kokha, chaka chatha, pa tsiku la Oyera Mtima Onse, pamene aliyense amapita kumanda ndi maluwa ndi makandulo. Kunali masana, mphepo ikuwomba kuchokera kuzitsa kuja. Ignac anatsika m'galimoto yekha, atagwira ndodo, thumba la makandulo lili pamkono. Anali asanabwere kumanda a mayi ake kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndikuganiza kuti ankayembekezera kupeza tchire. Anapeza udzu wometedwa, mwala wotsukidwa, mtanda wopakidwa utoto watsopano. Anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa Milka amene anali pa manda a makolo athu chapafupi.

"Ndani akusamala pano?"

"Ukuganiza ndani? Mkamwini wako?"

Bartol anali chapatali akuthira madzi m'mabotolo a maluwa. Ignac anapita kwa iye pang'onopang'ono.

"Bartol. Ndamva kuti ndiwe."

"Mayi anu ankandipatsa buledi wa mafuta ndikamachokera kusukulu, a Pleše," anayankha Bartol. "Iwo sanandilakwire."

Pa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi anali asanamutchulepo kuti inu. Ignac anabwerera kumanda a mayi ake, anagwada movutikira, n'kuyamba kulimbana ndi machesi. Ndodo yoyamba ya machesi inathyoka. Yachiwiri inayaka koma dzanja linaigwedeza mpaka kuzima. Yachitatu inagwa pansi. Anthu ankadutsa akuyang'ana kumbali.

Bartol anamaliza kuthira madzi ake. Anapukuta manja pa buluku, anapita, anatenga bokosi la machesi m'manja mwa Ignac, anatchinga mphepo ndi msana wake wotambalala uja n'kuyatsa makandulo onse anayi, n'kuwavundikira ndi zivundikiro zake. Anaika machesi pamwala. Ignac ananena chinachake chapansipansi, koma anali kumbali ya khutu logontha, ndipo Bartol sanatembenuke kuti amve.

"Milka, tiye," anatero. "Nkhuku sizinadye."